Ku Biwi galimoto siifa msanga

Mukachoka pa depoti ya mabasi ku Lilongwe n'kutsata msewu wa M1 wolowera ku Dedza, simupita patali musanamve kulira kwa nyundo. Kumeneko ndi ku Biwi, moyandikana ndi Mchesi ndi Kawale. Dothi lake lidada ndi oyilo, ndipo m'mbali mwa tinjira mwandanda galimoto zokhala pa miyala, zina zopanda matayala, zina zopanda injini. Mlendo angayese manda. Komatu zambiri zikudikira kudzuka, ndipo zimene zidaferatu zikudyetsa zinzake: iyi yapereka giyabokisi, iyo chitseko, inayo nyali zakutsogolo.

Malowa amatikhudza ngakhale ife akumudzi. Probox imene imathamangitsira odwala kuchipatala usiku, kapena minibasi yotifikitsa kuboma, idalowa m'dziko muno itatopa kale. Zambiri zidayenda zaka ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kudzalowera pa chipata cha Songwe. Sipeyala yatsopano imabwera ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo idakwera mosayang'ana nkhope. Ndiye shoko ikatha pa msewu wafumbi, mwini wake amaikulunga m'thumba n'kubwera nayo ku Biwi kudzaifananiza ndi ina yakale.

Ku America, sitolo monga AutoZone zimagulitsa zipangizo zina ndi lonjezo loti chikawonongeka adzakupatsani china ulere nthawi yonse imene galimotoyo ili yanu. Wokuikirani mumamulipira nokha, ndipo mukaigulitsa galimotoyo lonjezo lathera pomwepo, komabe n'zosiririka.

Ku Biwi lonjezo lake n'lapakamwa ndiponso n'lalifupi: kayeseni bwana, chikakana mubwere nacho msanga. Ogulitsa ena amapaka kadontho ka penti pa chitsulocho kuti musawabwezere china chakufa. Sindikuwadzudzula, pakuti iwonso sadziwa kuti chidayenda makilomita angati chisanafike m'manja mwawo. Koma lonjezo lotere limakomera wa ku Area 25. Wa ku Ntchisi akakafika kwawo n'kupeza kuti alternator siyikutchaja batire, ndalama yobwerera nayo imakhala yambiri.

N'chifukwa chake madalaivala ozindikira amabwera ndi makanika wawo, n'kumulipirira thiransipoti ndi nsima yamasana. Mudzamuona atanyonyomala padzuwa, akuzunguza beringi pafupi ndi khutu, wogulitsa ataima chete pambali kudikira chigamulo.