Kompyuta yanga yokalamba yapeza nyumba yamatabwa

Lero ndikuuzeni za gogo wina amene ndakhala naye kuyambira m'chaka cha 2006. Gogoyu ndi kompyuta imene ndinagula kwa munthu wina ku Balaka itagwirapo kale ntchito kwina. Ndi ya Pentium III, mtundu umene kampani ya Intel inatulutsa mu 1999, ndipo ili ndi RAM ya 256 MB, hard disk ya 20 GB komanso Windows XP. Tsiku limenelo ndinabwera nayo ku Liwonde pa minibasi nditaifukata pamiyendo ngati khanda, ndipo kondakitala anandilipiritsa mpando wina chifukwa cha monitor. Mayeso onse amene ndapatsa ana kwa zaka zambiri ndinatayipira pamenepo.

Mu Marichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inagwetsa khoma la chipinda chimene ndinkasungamo mabuku. Njerwa zinagwera bokosi la kompyutayo n'kulipinda ngati chitini cha mafuta, ndipo pomwe tinkalifukula linali litayamba kale dzimbiri. Mayi a kunyumba anati, "Abambo, ingogulitsani kwa anyamata ogula zitsulo aja, tipezeko ya sopo." Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma nditamasula zomangira ndinapeza kuti motherboard sinathyoke. Ndinapukuta matope, n'kusiya zonse mu katoni pouma kwa milungu itatu. Kenako ndinaziyala patebulo, ndinasintha kabatire kozungulira kaja ka CR2032, n'kulumikiza mawaya. Inalira kamodzi kuti "pii", n'kuyaka. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kukopera mafayilo anga onse pa flash.

Mwina mukufunsa kuti ndinkavutikiranji ndi chinthu chimene foni ya mwana wanga imachiposa mphamvu. Ine ndimaphunzitsa pasukulu ya sekondale yoyendera, ndipo ana ambiri amene amabwera mu Fomu 1 sanagwirepo keyboard. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula CPU ndi choko pabolodi, ana n'kumaloweza kuti RAM ndi chiyani ngati ndakatulo. Nditaona zam'kati zija zili poyera patebulo, ndinazindikira kuti ana anga sanazionepo ndi maso. Koma sungazinyamule zili choncho kupita nazo m'kalasi la ana 80. Zinkafunika nyumba.

Ndinapita ku Balaka kukafuna bokosi lina. Ndinazungulira kumsika ndi m'mashopu a okonza zamagetsi, koma paliponse panali mafoni, machaja ndi malaputopu. Mnyamata wina anandiseka n'kunena kuti, "Bambo, zimenezo tinasiya kalekale." Ndili m'minibasi pobwerera m'pamene ndinakumbukira bambo wina wachikulire wopala matabwa kwathu kuno, amene anandikhomera shelefu ya mabuku.

Mwayi wake, zipangizo za kompyuta zili ndi miyeso yodziwika. Mu 1995 Intel inakhazikitsa muyeso wotchedwa ATX, ndipo motherboard yanga ndi yaing'ono ya banja lomwelo, microATX, ya mamilimita 244 mbali zonse. Ndinaijambula papepala pamodzi ndi malo a mabowo ake, n'kukapereka kwa mmisiriyo. Iwo ankafuna mlombwa, koma mlombwa masiku ano ndi wosowa ndiponso wodula, ndipo aliyense wodutsa mumsewu wa ku Zomba amaona mmene makala ametera mapiri a Machinga. Tinagwirizana zogwiritsa ntchito chitseko chapaini cha chipinda chomwe chinagwa chija.

Thabwa lokha silikwanira. Bokosi lachitsulo limalumikiza zipangizo zonse ku waya wa earth, pomwe thabwa silidutsa magetsi. Choncho ndinapita kwa wokhoma ndowa kumsika kuti andidulire lata losalala, limene tinaliyala pansi m'kati mwa bokosilo. Pa latalo ndinamangapo timiyendo tamkuwa timene ndinachotsa m'bokosi lakale, kuti motherboard ikhale m'mwamba pang'ono osakhudza chitsulo, ndipo power supply ndinaimangirira pa lata lomwelo. Aphunzitsi anzanga amene mungafune kuyesa, chonde musatsegule power supply. M'kati mwake mumatha kutsala magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Tsopano ndiulule kupusa kwanga. Poopa fumbi, ndinauza mmisiri uja kuti atseke mbali zonse, asiye malo a mawaya okha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwati chinthuchi chimatentha chikamagwira ntchito. Nanga chizipumira pati? Ngakhale nkhokwe timaisiyira mpweya." Ine ndinayankha kuti, "Bambo, inu khomani, za kompyuta ndikuzidziwa ndine." Anakhoma, ndipo bokosilo linakongola kwambiri.

Nthawi yozizira zonse zinayenda bwino. Itafika Okutobala, amene mumadziwa kutentha kwa ku Liwonde kuno mukudziwa chomwe ndikunena. Kompyuta inkagwira ntchito mphindi 20 zokha, kenako n'kuuma gwa, mouse osasuntha. Nditagwira thabwa lapamwamba linali ngati chivundikiro cha poto. Ndikanapitiriza, ndikanapha ndekha chinthu chimene chinapulumuka ku namondwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuuzidwa n'kukana.

Ndinabwerera kwa bambo aja nditanyamula bokosi ndi manyazi. Sanandiseke. Anangotenga choboolera n'kuboola mabowo kutsogolo cham'munsi kuti mpweya wozizira uzilowa, ndi bowo lalikulu kumbuyo cham'mwamba, pomwe ndinaikapo fani ya mamilimita 80 yotulutsa wotentha. Pa mabowo akutsogolo tinakhomapo gozi wa pawindo kuti mphemvu ndi mavu asamangemo. Mbali imodzi tinachotsa thabwa n'kuikapo galasi. Maganizo a galasiwo analinso awo. Anati, "Si mwati ana azionamo?"

Tsiku limene ndinalowa nayo m'kalasi, ana anaunjikana mpaka ena kukwera pamadesiki. Ndisanayatse ndinazula RAM n'kuwaonetsa kuti kompyuta ikulira koma osaonetsa kanthu, kenako ndinapempha mtsikana wina wofatsa wa kumbuyo kuti aibwezeretse. Manja ake ankanjenjemera. Itayaka, anafunsa kuti, "Sala, ndiye kuti ndakonza ndine?" Ndinati inde. Kuyambira pamenepo ndiye amayamba kufika tikakhala ndi phunziro lotayipa.

Gogoyu sindimulumikiza ku intaneti, chifukwa Microsoft inasiya kuteteza Windows XP mu 2014. Ntchito yake ndi kuphunzitsa ana kutayipa, kusunga fayilo ndi kuona mmene zam'kati zimagwirira ntchito. Sindikudzinamiza, tsiku lina hard disk ija idzatopa. Pakadali pano, Loweruka lililonse ndimatsegula galasi, kupukuta fumbi ndi kuyang'ana pansi ngati chiswe chayamba. Ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta yakale imene ikungogona m'sitolo, musafulumire kuipereka kwa ogula zitsulo. Yambani mwaitsegula, ndipo mmisiri akakulangizani za mpweya, mumvereni.