Malire Obisika M'kati mwa Nyumba: Ulendo Wochokera ku Mua

Ife a kunsi kwa phiri, okhala ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, malire a dziko timaŵadziŵa ndi maso. Munthu akakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere nakatulukira pa Masasa, sayenda nthaŵi yaitali asanafike pa Lizulu, pamene msewu womwewo ndiwo malire: tsidya lino Malaŵi, tsidya ilo Mozambique. Pa chipata cha Dedza pali chitsulo chopingasa njira, ndipo ngakhale mwana angakuuzeni kuti dziko lathu lathera apa. Koma pa ulendo wa pandege malire amabisala m'kati mwa nyumba, ndipo wapaulendo wosadziŵa nyumba imene abisalamo angathe kutaya ndalama, katundu ndi ulendo womwe. Ife tidatsala pang'ono kutero m'mwezi wa June chaka cha 2023, ndipo tafuna kuti makolo anzathu ndi achinyamata amve m'mene zidatiyendera.

Mwana wathu wamkazi amagwira ntchito ya unamwino mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland. Atabadwa mdzukulu wathu woyamba, iye ndi mwamuna wake adatiitana kuti tikamuone. Viza tidakapempha ku Lilongwe, ndipo patapita masabata angapo mapasipoti adabwera ali ndi chilolezo. Pofuna kupulumutsa ndalama, anaŵa adatigulira matikiti aŵiri osiyana. Yoyamba inali yochokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka ku London. Yachiŵiri, ya kampani ina, inali yochokera ku London kukafika ku Edinburgh. Pakati pa kutera ndi kunyamukanso padali maola anayi. Ife tidaona ngati nthaŵi yambiri, yokwanira kuyenda pa basi kuchokera ku Mua kukafika ku Lilongwe ndi kumwa tiyi komwe. Tidaiŵala mawu a akulu akuti mapanga aŵiri avumbwitsa.

Mlendo sapita chimanjamanja kwa mwana wake. Tsono tidapita ku KuNgoni, malo a zosemasema ndi za chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa mu 1976 pa mishoni ya Mua, mishoni imene idakhazikitsidwa mu 1902. Kumeneko, pafupi ndi nyumba ya Chamare yosungiramo mbiri ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, amisiri amakhala pamthunzi ndi kasemasema, kusandutsa chipika kukhala munthu. Tidasankha chosema cha mayi wobereka mwana kumbuyo, chakuda bii, cholemera makilogalamu atatu. Mmisiriyo adatiuza kuti mtengo wake ndi phingo, natilangiza kuti lisiti tisalitaye. Adanena zoona, pakuti kuyambira mu 2017 phingo ali m'gulu la mitengo imene malonda ake amayang'aniridwa ndi pangano la maiko lotchedwa CITES. Chosema chaching'ono chomalizidwa kale, chosapitirira makilogalamu 10, sichifuna chilolezo chapadera, koma wapaulendo ayenera kudziŵa dzina la mtengo wake ndi mtengo umene adagulira. Tidachikulunga m'zitenje ziŵiri ndi kuchiika pakati pa zovala.

Tidaikamonso usipa wouma wa ku Chipoka, umene mwana wathu adaupempha kaŵiri konse pa lamya. Usiku womaliza mlamu wathu adabwera ndi phukusi la nyama ya mbuzi yofutsa, nati, “Mukampatse mwanayo, akumbukire kwawo.” Kukana mphatso yotere nkovuta. Tidathokoza, ndipo phukusilo lidaloŵa m'sutikesi.

Bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe lidatsegulidwa mu 1983, lili pa Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe. Tidadzera njira ya ku Salima ndi kufika dzuŵa lisanafike pamutu. Mtsikana wolandira katundu adaika masutikesi pa sikelo, namata kapepala kolembedwa zilembo zitatu, LHR. Adatiyang'ana nati, “Makolo anga, katunduyu ku Addis Ababa musamufune, adzasamutsidwa ndi antchito. Koma akuthera ku London. Kumeneko mukamtenge nokha.” Mawu ameneŵa tidaŵamva, koma kulemera kwake tidakudziŵa m'maŵa mwake. Pambuyo pake tidafika pa zenera la a zoloŵa ndi kutuluka m'dziko, amene adadinda mapasipoti athu. Aŵa ndiwo adali malire oyamba. Tidali tikadali pa Lumbadzi, mapiri a Dowa akuoneka pa galasi, koma m'mabuku a boma tidali titatuluka kale m'Malaŵi.

Ku Addis Ababa tidatera kutada, tikumva kuzizira kwa dziko lokwera kuposa Dedza. Wotchi tidaipititsa patsogolo ndi ora limodzi. Potuluka m'ndege anthu adagaŵikana paŵiri: ena adatsata chikwangwani cha ofika, ena cha opitirira. Ife tidatsala pang'ono kutsata gulu loyamba, chifukwa ndilo lidali ndi amayi ena amene tidacheza nawo m'ndege. Mnyamata wina wa yunifolomu adayang'ana makadi athu okwerera ndege natibweza. Apa tidaphunzira chinthu chachilendo: munthu angathe kukhala maola asanu pa bwalo la Bole osaloŵa m'dziko la Ethiopia. Palibe adatifunsa viza, palibe adadinda pasipoti, palibe wa kasitomu adafunsa za katundu. Chimene tidadutsamo ndi chipata cha chitetezo chokha, pomwe tidavula malamba ndi nsapato ndi kusiya botolo la madzi. Chipata chotere chimafufuza zoopsa m'ndege. Si malire a dziko ayi.

Ndege ya ku London idanyamuka pakati pa usiku, ndipo tidakhala mumlengalenga pafupifupi maola asanu ndi atatu. Pa bwalo la Heathrow tidatera m'mamaŵa. Pano tsono ndiye padali malire enieni. Lamulo lake nlakuti mlendo amaonekera kwa oyang'anira malire pa bwalo loyamba la dziko limene akupitako, ngakhale mzinda umene akulinga uli patsogolo. Edinburgh ndi London ndi mizinda ya ufumu umodzi, choncho chipata cha Scotland kwa ife chidali ku London.

M'holo yaikuluyo mudali njira ziŵiri. Eni dziko ndi anthu a maiko ena oŵerengeka adali kudutsa pa makina oŵerenga pasipoti. Ife a pasipoti ya Malaŵi tidaima pa mzere wokaonana ndi munthu, mzere wopindikapindika ngati wa feteleza. Tidaimapo ora lathunthu ndi mphindi zina. Titafika, wofunsayo adatifunsa mofatsa mafunso anayi: mukupita kuti, mukakhala kwa yani, mukakhala nthaŵi yotani, ndipo mudzabwerera liti? Tidali titasunga m'chikwama cha m'manja kalata yotiitana, keyala ya mwana wathu ndi tikiti yobwererera. Bambo wina patsogolo pathu adali ataika mapepala otere m'sutikesi yaikulu, imene munthu saiona kufikira atadutsa pa zenerali, ndipo adamkhazika pambali. Ife adatiŵerenga zala pa kagalasi, natilola kuloŵa.

Masutikesi tidaŵapeza akuzungulira okha pa lamba woyenda. Pamene tidaŵakweza pa ngolo, maola aŵiri adali atatha. Patsogolo pathu padali makomo a kasitomu: lobiriŵira la anthu opanda chonena, ndi lofiira la amene ali ndi katundu wofunika kumuulula kapena amene akukayika. Pa khoma padali chithunzi cha nyama ndi mkaka zodulidwa ndi mzere. Tidayang'anana, ndipo tonse tidakumbuka phukusi la mlamu.

Abambo adayang'ana wotchi nati, “Amayi, nthaŵi yatithera. Taonani anthu onseŵa akungodutsa kobiriŵiraku, palibe akuŵaimitsa.”

Amayi adagwira ngolo nati, “Abambo, kudutsa khomo ilo ndi kunena kuti tilibe kanthu, pamene kanthu tili nako. Akatigwira, dzina la mwana wathu ndilo lili pa kalata yotiitana. Tiyeni kofiira.”

Tidaloŵa kofiira. Mayi amene tidampeza adavala magolovesi natipempha kuti titsegule. Nyama ija adaitenga, natifotokozera kuti nyama ndi zamkaka zochokera kumaiko onga kwathu nzoletsedwa, zouma ndi zaziŵisi zomwe, poopa matenda a ziŵeto monga a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ife oŵeta ng'ombe ku dambo la Bwanje sitidafune kufotokozeredwa kaŵiri. Popeza tidaulula tokha, sadatilipiritse kanthu. Usipa adaununkhiza, namwetulira, nati nsomba zouma nzololedwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu mmodzi. Kenaka adamasula zitenje. Adachitembenuza chosemacho kufunafuna timabowo ta nankafumbwe wa mitengo, nafunsa ngati pali mnyanga wa njovu penapake, pakuti umenewo ndiye mlandu waukulu. Tidatulutsa lisiti la ku Mua. Mtengo wake udali pansi kwambiri pa mapaundi 390, malire a mphatso zimene mlendo amaloŵa nazo popanda msonkho. Adatithandiza kuchikulunganso ndi manja ake.

Zonsezi zidadya mphindi 20, koma vuto lalikulu lidali likadali patsogolo. Heathrow ndi bwalo la nyumba zingapo zotalikirana. Ife tidatera pa Terminal 2, pamene ndege ya ku Edinburgh idali kunyamukira pa Terminal 5, ndipo pakati pake munthu amakwera sitima ya pansi pa nthaka. Tikadakhala ndi tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse, makampaniwo akadatha kusamutsa katundu wathu okha, ndipo tikadachedwa akadatiika pa ndege yotsatira. Koma pa matikiti aŵiri, kampani yachiŵiri imangodziŵa kuti munthu wakuti sadabwere, ndipo tikitiyo yapsa. Tsono onani nkhalamba ziŵiri za ku Mua zikukankha ngolo m'njira zazitali za pansi, kutsika ndi zikepe, kufunsa aliyense wovala yunifolomu. Ngolo siiloŵa m'sitima, kotero masutikesi tidaŵakoka ndi manja. Tidafika pa malo operekera katundu thukuta lili kamukamu, kutatsala mphindi zoŵerengeka kuti atseke. Tidadutsanso chipata china cha chitetezo, ndipo tidakhala pa mipando yathu m'ndege mitima ikugunda ngati mbiriŵiri.

Patapita ora limodzi ndi theka tidatera ku Edinburgh. Tidatulutsa mapasipoti, kukonzekera mafunso ena, koma padalibe zenera, padalibe mzere. Tidatenga katundu ndi kutuluka pakhomo monga munthu atsikira basi pa Golomoti. Mwana wathu adali pomwepo, khanda lili m'manja. Madzulo amenewo tidadya nsima ya usipa dzuŵa likadali kuŵala pa 9 koloko, ndipo mayi wa phingo uja adaima pa shelefu, mwana ali kumbuyo, kuyang'ana mdzukulu wathu.

Tsono inu makolo anzathu amene ana anu ali kunja, ndi inu achinyamata amene mudzapita ku sukulu kapena ku ntchito, safunsa adadya phula. Musanagule tikiti funsani ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi. Ndalama zimene mupulumutsa pogula ziŵiri zingathe kutha kaŵiri pa tsiku limodzi. Popereka katundu ŵerengani kapepala komatidwako, mudziŵe bwalo limene iye akathera. Funsani kuti malire a dziko limene mukupitako muŵapeza pa bwalo liti, ndipo pamenepo musiye nthaŵi yochuluka. Funsaninso za viza ya maiko amene mungodutsamo, pakuti si onse amene amachita monga Ethiopia: ku Britain Mmalaŵi amafunika chilolezo ngakhale akungosintha ndege, ndipo ku America aliyense amaonekera kwa oyang'anira malire pa bwalo loyamba. Mapepala, mankhwala ndi nambala za lamya zikhale m'chikwama cha m'manja. Musanyamule phukusi limene simudalitsegule nokha, ngakhale likhale la mbale. Ndipo mukakayika, loŵani khomo lofiira.

Pobwerera tidapempha kuti matikiti akhale ndi mpata wa usiku wathunthu ku London. Ku Addis Ababa tidakhala maola ochepa okha, ndipo zidatikomera, chifukwa munthu amene wakhala maola opitirira 12 m'dziko lomwe muli matenda a yellow fever amafunsidwa khadi la katemera pofika kwathu. Pa Lumbadzi adatidindira mapasipoti, a MRA adayang'ana mabulangete ndi nsapato za adzukulu ena, ndipo tidatuluka kukapuma mpweya wa fumbi la August.

Titafika ku Mua, mlamu wathu adabwera kudzatilonjera, nafunsa ngati mwana adaikonda nyama ija. Tidamuuza zonse monga zidachitikira. Adakhala chete kanthaŵi, kenaka adaseka nati, “Basi mbuzi yanga idafika ku London, ine mwini wake sindinafike ndi ku Lumbadzi komwe.” M'maŵa mwake tidapita ku KuNgoni kukauza mmisiri uja kuti lisiti lake lidagwira ntchito.