Mashingozi si chigamulo

Lero tikambeko za matenda amene kuno kwa Lukwa timangonong'onezana: mashingozi ndi abale ake.

Onsewa ndi a banja limodzi la tizilombo totchedwa herpes. Pali tizilonda totuluka pamlomo munthu akadwala malungo. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.8 biliyoni osakwana zaka 50 anali ndi kachilombo kameneka, ambiri osadziwa. Pali matuza a kumaliseche, opatsirana pogonana. Ndiye pali mashingozi, ochokera ku katsabola yemwe tinadwala tili ana. Katsabola akatha, kachilombo kake kamagona m'mitsempha, n'kudzadzuka chitetezo cha m'thupi chikatsika. Kamatsata mtsempha umodzi, n'chifukwa chake matuza amatuluka mbali imodzi yokha, ngati lamba.

Ife amene tinakula m'ma 1990 tinazolowera kuti munthu akatuluka mashingozi ndiye kuti basi, wapita. Ma ARV aulere anadzayamba mu 2004, koma mantha aja sanatichokebe. Mnzathu wina ankavala jekete mu Okutobala, kutentha konse kuja, kubisa matuza. Madzulo ankapaka phulusa ndi mankhwala otsukira mano. Anafika kuchipatala patatha masabata awiri. Matuza anauma, koma ululu unatsala miyezi. Kukweza mkono kuti alembe pa bolodi inali nkhondo, ndipo ana a Fomu 4 ndi amene anavutika.

Zoona zake n'zakuti mashingozi amabweranso ndi ukalamba, shuga kapena khansa. Komabe akatuluka, makamaka kwa wachinyamata, kukayezetsa magazi ndi nzeru, chifukwa kuyambira mu 2016 wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala osadikira kuti afooke. Mankhwala a acyclovir sachotsa kachilombo m'thupi, koma amafupikitsa matenda, ndipo amathandiza kwambiri mukayamba kumwa pasanathe masiku atatu. Matuza akayandikira diso, pitani tsiku lomwelo, ngakhale kutanthauze ulendo wa kuchipatala chachikulu cha Kasungu. Diso limatha kufa. Muziphimbanso matuzawo, chifukwa madzi ake angapatsire katsabola khanda kapena mayi woyembekezera amene sanadwalepo.

Kwa anyamata anga akale amene mukulima fodya: msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa ndalama zimayenda, maso nawonso amayenda. Dziwani kuti matuza a kumaliseche amatsegulira HIV khomo, moti chiopsezo chimakwera pafupifupi katatu. Kondomu imachepetsa ngozi, koma matuza akatuluka dikirani apole. Mayi woyembekezera amene ali ndi vutoli awauze anamwino kusikelo. Ndipo muli ndi chilonda pamlomo, musapsompsone khanda.

Aphunzitsi anzanga, ana amamva zomwe timanena mu staff room kuposa zomwe timalemba pa Life Skills. Mnzathu akadwala, funso loyamba lisakhale lakuti wazitenga kuti. Timufunse kuti matuza ayamba liti, kenako timubwereke njinga.