Musagule sipika ndi maso

Ntchito yanga ndi yokonza masipika ndi maampu, ndipo benchi langa lili kuseri kwa mashopu ku Limbe. Wogulitsa amaona katundu tsiku limene akutuluka m'shopu ali nyezinyezi. Ine ndimamuona patapita miyezi, atasasa mawu, mwini wake atamukweza pa kabaza. Choncho munthu akandifunsa kuti agule chiyani chomverera nyimbo kunyumba pamene thumba lili lopereŵera, yankho langa limachokera m'kati mwa mabokosi amene ndakhala ndikutsegula.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi nambala yomatidwa kutsogolo. Mupeza kabokosi kopepuka, koti mwana n'kunyamula ndi dzanja limodzi, atakalemba kuti 5000W PMPO. Katembenuzeni muone kumbuyo, pafupi ndi pamene patulukira chingwe cha magetsi. Pamenepo pamalembedwa mphamvu imene chipangizocho chimakoka ku soketi, ndipo kawirikawiri mupeza mawati 60 kapena 80. Tsono chinthu chokoka mawati 60 chingatulutse bwanji 5000? Enawo chiwatenga kuti? PMPO ilibe muyezo umene makampani anagwirizana, aliyense amalemba nambala imene yamukomera. Nambala yoti muikhulupirire ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yomwe ampu ingapereke mosalekeza. Vutoli silachilendo. Ku America linafika poti mu 1974 bungwe la Federal Trade Commission linaika lamulo la mmene makampani ayenera kulembera mawati a maampu a m'nyumba. Katundu wambiri wofika m'misika yathu sadutsa pa lamulo lotere.

Ndiye pabalaza pamafunika mawati angati? Ochepa kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Sipika yabwinobwino ya m'nyumba, mukaipatsa wati imodzi yokha n'kuima mita imodzi kuchokera pamene ili, imatulutsa mawu a madesibelo pakati pa 85 ndi 90. Amenewo ndi mawu okwera kale, moti akatswiri a zaumoyo amati madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku lililonse amayamba kuononga makutu. Kuwonjezera mawati kawiri kumangokweza mawu ndi madesibelo 3, ndipo kuti khutu limve kuti mawu akwera kawiri pamafunika mawati ochuluka kakhumi. N'chifukwa chake ampu ya mawati 20 kapena 30 RMS mbali iliyonse imakwanira pabalaza la nyumba zathu zambiri, mpaka aneba kubwera kudzagogoda. Ngati kumbuyo kwa sipika alembapo madesibelo ake, nambalayo iŵerengeni. Ya 90 imafuna theka la mphamvu imene ya 87 imafuna kuti zimveke mofanana, ndipo kwa munthu wodalira batire la sola kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Anthu ambiri akapeza ndalama amathamangira zija za masipika asanu ndi wufa imodzi, zamagetsi othwanimathwanima. Ine sindizikonda, ndipo chifukwa chake ndachiona ndi maso. Timasipika tisanuto m'kati mwake mumakhala kasipika kamodzi ka mainchesi atatu, kolira mopyapyala. Wufayo anaikonza kuti izigunda pamalo amodzi, kuti mukaimva m'shopu mtima uti phaa. Pakati pa kugundako ndi kulira kopyapyalako pamatsala dzenje, ndipo m'dzenje mmenemo ndi mmene mumakhala mawu a munthu, gitala ndi banjo. Ikani nyimbo ya Allan Namoko kapena ya agogo Giddes Chalamanda mumve mmene mawu awo amathawira kutali. Ngakhale okonda rege amanamizidwa. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimatsika mpaka pa 41 Hz, ndipo woimba besi wa Black Missionaries amayenda m'manotsi osiyanasiyana, koma pa wufa zimenezi manotsi onse amatuluka ngati amodzi: du, du, du. Kuwonjezera apo, ampu yake imakhala m'kati mwa bokosi la wufa lomwelo. Ikapsa, zonse zisanu ndi chimodzi zakhala chete, ndipo nthawi zina ndikatsegula ndimapeza kuti anafufuta dala nambala ya pa IC kuti wokonza asadziŵe choikapo.

Nyimbo zimene timamvera anazijambula kuti zizimveka pa masipika awiri, lamanzere ndi lamanja. Ndalama imene mukanamwaza pa mabokosi asanu ndi limodzi iikeni pa awiri abwino.

Awiri abwinowo, kwa munthu wa ndalama zochepa, nthawi zambiri amakhala a kaunjika. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu watsopano wa dzina lodziŵika anakwera moti ambiri sitingamufikire. Koma pakati pa katundu wakale wochokera ku Britain, Japan ndi Joni pamapezeka masipika a Wharfedale, Mission, KEF, Tannoy, Technics, Pioneer ndi Kenwood, ena ali ndi zaka 20 kapena 30. Musaope ukalamba wake. Sipika siikalamba ngati foni. Kapangidwe kake ndi komwe Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku General Electric anafotokoza mu 1925: maginito, koyilo ya waya wa kopa, ndi pepala lokankha mpweya. Wharfedale Diamond, imene inayamba kutuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anaipangira anthu a ndalama zochepa omwewo, ndipo ikakhala yamoyo imaimba bwino kuposa zambiri zatsopano za mtengo wofanana. Funani bokosi lokhala ndi wufa ya mainchesi 5 mpaka 6.5 ndi twita imodzi, kasipika ka mawu opyapyala, pamwamba. Pa chipinda wamba zimenezo zakwana.

Koma kaunjika amafuna munthu wodziŵa kusankha, ndipo apa ndi pamene ndimachedwa ndi makasitomala anga. Yambani ndi kulinyamula bokosilo. Lolemera limasonyeza matabwa okhuthala ndi maginito aakulu. Ligogodeni m'mbali ndi chala: likamveka gwa, ngati mukugogoda chitseko cholimba, lili bwino, koma likamalira phwaphwa ndiye kuti liziimba nyimbo yakeyake pamwamba pa yanu. Yang'anani pansi pake ngati linamwapo madzi, chifukwa matabwa a utuchi akafufuma sabwereranso. Kenako chotsani kansalu kakutsogolo. Wogulitsa akakana, pali chimene akubisa. Onani mkombero umene umalumikiza pepala ndi chitsulo. Ukakhala wa labala umakhalitsa. Ukakhala wa siponji, ukhudzeni pang'ono ndi nsonga ya chala: kutentha ndi chinyezi cha kuno zimaudya, moti wina umangoyoyoka ngati ufa ngakhale ukuoneka wabwino.

Mukatero tambasulani zala mozungulira pakati pa pepala n'kukankha pang'onopang'ono, mofanana mbali zonse. Liyenera kuloŵa ndi kubwerera mwakachetechete. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo inapsapo kapena inapindika ndipo ikukhuza maginito. Nunkhizani pa bowo la bokosi, pakuti fungo la koyilo yopsa silibisika, ndipo pa bowo pomwepo ndi pamene mungadziŵire ngati munagonamo makoswe kapena mphemvu. Ine ndimayenda ndi batire la tochi la 1.5V m'thumba. Ndikakhudzitsa mawaya a sipika ku batirelo kwa kanthawi, wufa yamoyo imati thu n'kusuntha. Amene muli ndi mita yoyezera magetsi, sipika yolembedwa 8 ohm imaŵerenga pafupifupi 6, ndipo chofunika n'choti onse awiri aŵerenge mofanana. Pomaliza imbani nyimbo motsitsa, muike khutu pa twita iliyonse. Twita yakufa anthu ambiri saizindikira m'phokoso la mumsika, amakaizindikira kunyumba akaona kuti nyimbo zikumveka ngati pali bulangete. Ndipo musadabwe: pa masipika ena otchipa ndapezapo twita yongokongoletsa, pulasitiki yonyezimira yopanda ngakhale waya kumbuyo.

Si chilema chilichonse chimene chiyenera kukubwezani. Mkombero wa siponji woyoyoka ndi mwayi wanu wonenerera mtengo, chifukwa kuusintha ndi ntchito ya guluu, kuleza mtima ndi kuonetsetsa kuti koyilo yakhala pakatikati. Koyilo yopsa timakulunga ina, ndipo sipikayo imalira, komabe ndinene zoona ngakhale ndi ntchito imene imandidyetsa: koyilo yokulunga pamanja kawirikawiri siifanana ndendende ndi ya mnzake wa mbali inayo. Pa masipika a pa ukwati palibe amene angazindikire. Pa omverera nyimbo pabalaza zimamveka. Twita yakufa ya mtundu wosoŵa ndiye isiyeni, chifukwa yoloŵa m'malo mwake yofanana nayo simuipeza msanga.

Za ampu sindichulukitsa. Ampu yakale ya ku Japan ndi yabwino, koma ŵerengani kumbuyo musanailumikize. Magetsi athu ndi a 230V, pamene katundu wopangira msika wa m'dziko la Japan ndi wa 100V ndipo wa ku America ndi wa 120V. Zambiri zotere zimafika kwa ine zitafuka kale utsi tsiku loyamba. Njira ina yotchipa ndi timaampu tating'ono ta Class D, monga togwiritsa IC ya TPA3116 ya Texas Instruments. Timagwira ntchito pa 12V mpaka 24V, sititentha kwambiri, ndipo tambiri tili ndi Bluetooth. Mutha kutiyendetsa ndi chaja ya laputopu ya 19V, kapena batire la sola magetsi akazima, ngakhale kuti pa 12V mphamvu yake imatsika. Chimene chimapha masipika ambiri si ampu yaikulu ayi, koma yaing'ono yokwezedwa mpaka pamapeto. Ikafika polephera imayamba kudula mawu, ndipo mawu odukawo amatenthetsa twita mpaka kupsa. Mukamva kuti nyimbo yayamba kukhadzula, bwezani voliyumu. China ndi chizoloŵezi cholumikiza masipika ambiri pa waya mmodzi. Awiri a 8 ohm olumikizidwa pamodzi motero amakhala 4, awiri a 4 amakhala 2, ndipo maampu ambiri a m'nyumba sapirira 2. Pa nyengo ya ziphaliŵali, komanso magetsi akazima, zulani pulagi. Kubwera kwa magetsi kumandipatsa ntchito yambiri kuposa kuzima kwake.

Ena amabwera atagula wufa yokha, kuti akapangitse bokosi kwa kalipentala. N'zotheka, ndipo inenso ndimapanga, koma bokosi si chosungiramo sipika chabe. Lili ngati thunthu la ng'oma: chikopa chomwecho mukachikunga pa thunthu lina, kalilidwe kamasintha. Kukula kwa bokosi ndi kutalika kwa paipi ya pa bowo zimaŵerengedwa kuchokera ku makhalidwe a wufayo, potsata masamu amene Neville Thiele anafalitsa ku Australia mu 1961 ndipo Richard Small anawakuza m'zaka za m'ma 1970. Kalipentala wa mipando amayeza ndi diso, n'kuboola bowo pamene pamukomera. Ngati wufa yanu ilibe manambala ake, pangani bokosi lotseka lopanda bowo, la MDF ya mamilimita 18, mumate bwino m'ngodya kuti mpweya usatuluke, muikemo thonje la m'mapilo. Bokosi lotseka limakhululuka zolakwa zambiri kuposa la bowo. Ndipo masipika akuluakulu a pa ukwati ndi pa misonkhano asiyireni a zimkuzamawu. Anawapangira kuponya mawu pabwalo, m'chipinda amangobaya m'makutu.

Pali chinthu china chosalira ndalama chimene chimasintha mawu kuposa kusintha ampu, ndicho malo oika masipikawo. Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi, makoma osalala, malata opanda siling'i, ndiye mawu amangonjanja uku ndi uku. Mkeka kapena kapeti pansi, makatani okhuthala ndi sofa zimamwa kunjanjako. Masipika musawaunjike pamodzi pa kabati ya TV, kapena kuwapachika kudenga ngati a mu basi. Atalikitseni mamita awiri kapena kucheperapo pang'ono, inu mukhale patsogolo pakatikati pa mtunda wofanana ndi womwewo, matwita ali pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi. Asunthireni kutsogolo pang'ono kuchoka kukhoma. Mukawakankhira pangodya besi imachuluka koma imasanduka phala. Onetsetsaninso kuti waya wofiira wapita pofiira mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza mbali imodzi, wufa ina imakankha pamene inzake ikukoka, besi n'kuzimiririka, ndipo pali anthu amene anandibweretsera masipika abwinobwino kuti ndikonze pamene vuto linali lokhalo. Za mawaya okwera mtengo musataye nazo ndalama: waya wa kopa weniweni wa 1.5 mm, wa magetsi wamba, ndi wokwanira pa mamita ochepa a pabalaza.

Sipika yabwino ili ndi khalidwe limodzi losasangalatsa, siibisa nyimbo yojambulidwa moipa. Nyimbo zambiri zokopedwa pa mamemori anazipanikiza kwambiri kuti zikwane zambiri, ndipo pa masipika abwino mumva zinganga zikulira ngati madzi. Pamenepo musaimbe mlandu sipika. Funani MP3 ya 320 kbps kapena CD ngati ilipo.

Tsiku logula, tengani nyimbo zanu zimene mumazidziŵa bwino, ziŵiri kapena zitatu: ina ya kwaya, ina ya mawu a munthu mmodzi ndi gitala, ina ya besi yoyenda. Wogulitsa adzafuna kuika nyimbo yake n'kukweza mpaka malata anjenjemere, chifukwa amadziŵa kuti chokwera chimamveka ngati chabwino. Muuzeni atsitse mpaka poti mutha kulankhulana osakuwa, ndipo mumvetsere ngati mawu a woimba akumveka bwinobwino, ngati m'kwayamo mukutha kusiyanitsa amayi ndi abambo. Akakana kutsitsa kapena kuchotsa kansalu kakutsogolo, bwezani ndalama m'thumba mupite pa benchi lina.