Kuthamanga sikufika

Aliyense amene anaphunzira pasukulu ya kumudzi m'boma la Ntcheu akudziwa momwe mpikisano wa liwiro umabwerera. Chaka chonse bwalo limakhala la mpira. Kenako pamafika uthenga woti pakutha sabata ziwiri kuli mpikisano wa pazoni, ndipo tsiku lomwelo aphunzitsi a zamasewero amatulutsa wezulo. Ana amalambula bwalo, kuthira phulusa m'mizere, n'kuyamba kulizungulira m'mawa ndi madzulo. Mpikisano ukatha timawerenga amene apambana. Amene akubwerera kwawo akutsimphina palibe amawawerenga, timangoti anali ndi tsoka.

Ine ndikukana zoti ndi tsoka. Ku Sweden, ochita kafukufuku anatsatira akatswiri 292 a masewero othamanga, kudumpha ndi kuponya, achinyamata ndi akuluakulu omwe, kwa chaka chathunthu. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013: anthu 68 pa 100 alionse anavulala m'chakacho, ndipo pafupifupi kuvulala konseko sikunadze chifukwa cha ngozi monga kugwa. Kunadza thupi litasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake. Amenewo ndi anthu okhala ndi nsapato zabwino, chakudya chokwanira ndi madokotala pafupi. Nanga mwana wa ku Kasinje kapena ku Tsangano amene akuthamanga chosavala pabwalo la miyala?

Chimene chimavulaza othamanga kwambiri ndi kuchulukitsa ntchito mwadzidzidzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha zimafuna nthawi yaitali. Ana athu amayenda mitunda, amatunga madzi, amasenza matumba a mbatata ya kachewere kukwera nawo zitunda, choncho timaganiza kuti ndi okonzeka kale. Koma kuyenda ndi katundu n'kosiyana ndi kufwamphuka mamita 100 thupi lisanatenthe. Wa liwiro lalifupi amang'ambika mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu. Wa mtunda wautali amayamba kumva kuwawa pamsongolo, ndipo akakakamira fupalo limatha kuchita mng'alu. Wodumpha amabinya kakolo chifukwa dzenje lotera lija ndi dothi longogaulidwa ndi khasu dzulo lake.

Pasekondale imene ndinaphunzira panali mtsikana wa Fomu 2 amene pa mamita 1,500 ankasiya ngakhale anyamata ena. Patatsala masiku ochepa kuti tipite kuzoni anadandaula kuti mwendo ukumuwawa. Yankho limene analandira tonse tinalimva: "Iwe ndiwe Mngoni, limba mtima." Analimbadi mtima, anathamanga, sukulu inatenga ulemu wake. Pambuyo pake anakhala pakhomo pafupifupi mwezi chifukwa sakanatha kuyenda mtunda wopita kusukulu. Kwawo anamuthowa ndi madzi otentha, ena n'kumati anaponda mankhwala a sukulu ina. Chaka chotsatira pamalo pake panaima wina, ndipo nkhani yake inathera pomwepo.

Tizikumbukiranso kuti mwana si munthu wamkulu wochepa msinkhu. Pazaka zoyambira 10 kufika cha m'ma 15, mafupa amakula mofulumira ndipo kumapeto kwake kumakhala kusanakhwime. N'chifukwa chake ana ambiri amsinkhuwu amatupa kunsi kwa bondo kapena kumva kuwawa kuchidendene akachulutsa kuthamanga ndi kudumpha. Koma ife mwana mmodzi akaoneka kuti ali ndi liwiro timamulemba paliponse: mamita 100, 400, 800, kudumpha, kenako mpikisano wopatsirana kamtengo, zonsezo tsiku limodzi dzuwa lili paliwombo.

Palinso njala. Kusukulu kwathu zothamanga zinkachitika teremu yachiwiri, miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona. Mwana amene wachoka kunyumba osalawa ngakhale phala ndiye amene tinkamuuza kuti azungulire bwalo kakhumi. Madokotala a zamasewero amachenjeza kuti thupi likamagwira ntchito yoposa chakudya chimene likulandira, mafupa amafooka. Kwa atsikana, chizindikiro chimodzi ndi kusiya kusamba kwa miyezi ingapo. Ndi mtsikana uti wa kwathu amene angauze mphunzitsi wamwamuna nkhani yotere? Ndiye vutolo limangobisala mpaka fupa lidzalankhule.

Ndipo amene anavulalapo kale ndiye amavulalanso mosavuta, makamaka akabwerera pabwalo asanachire. Apa ndi pamene kusalemba kwathu kumatipweteka. Mphunzitsi akasamutsidwa, wobwerayo sadziwa kuti mnyamata uyu anabinya bondo chaka chatha. Amangoona miyendo yaitali basi.

Ena anganene kuti dziko losauka ngati lathu lili ndi mavuto aakulu kuposa msongolo wa mwana wa Fomu 2. Koma dziko lomweli limasangalala likapeza katswiri. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy, mu 2004. Asimenye Simwaka watiimirira ku Olympics ku Tokyo ndi ku Paris. Tili ndi Bingu National Stadium, imene inatsegulidwa mu 2017, ndipo mu Disembala 2022 Lilongwe inalandira masewero a achinyamata a Region 5. Zonsezo n'zabwino, koma m'mera mpoyamba. Wothamanga safika ku Bingu asanadutse pabwalo la phulusa lija, ndipo ambiri timawataya pomwepo.

Zofunika kuchita sizilira bajeti ya boma. Kukonzekera kuyambe sabata zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo mpikisano usanafike, mtunda uzionjezeka pang'onopang'ono, ndipo pazikhala masiku opuma. Ana azitenthetsa thupi asanayambe liwiro. Miyala itoledwe, maenje akwiriridwe, mudzenje lodumphira muthiridwe mchenga wa kumtsinje. Mwana mmodzi asalembedwe mipikisano yoposa iwiri kapena itatu patsiku. Wavulala apume, pamalo potupa paikidwe nsalu yonyowetsedwa ndi madzi ozizira a pamjigo masiku oyambirira, osati kuthowa kapena kutema mphini. Ngati sakutha kuponda, apite kuchipatala. Ndipo pakhale kope limodzi lolembamo dzina, tsiku, pamene pavulala ndi tsiku limene wachira. Bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA litamafunsa makope otere pazoni iliyonse, pakutha zaka zochepa tingadziwe kukula kwa vutoli m'Malawi muno m'malo modalira ziwerengero za ku Sweden.

Ambiri a ife tikamaliza digiri tikaphunzitsa m'masukulu a CDSS, ndipo pokhala achinyamata pa onse, wezulo adzatipatsa ifeyo. Tsiku lina mwana adzabwera n'kunena motsitsa mawu kuti, "Sala, mwendo ukundiwawa." Mumuuze akhale pansi, mumufunse kuti wayamba liti, ndipo mulembe m'kope.