Galu akayamba dazi, tisathamangile oilo

Kuno ku Chipata komboni agalu asintha. Kale tinali kuweta agalu akumudzi, aubweya waufupi, odya makoko a nsima n'kugona paphulusa. Masiku ano munthu akamanga mpanda wa mabuloko n'kuika geti, afuna German Shepherd, kapena uja wosakanizika amene wogulitsa amalumbila kuti ni German Shepherd weniweni. Ena amagulila ana tiagalu toyela taubweya wambili. Timalipila ndalama zambili cifukwa tifuna kugonako tulo usiku.

Ife amene timathandizila pa wailesi ya m'dela timadziwa kuti kutentha kwafika mafoni a agalu akayamba kulila. Funso limakhala limodzi: galu wanga athothoka ubweya, nicite ciani? Tisanayankhe n'komwe, womvela wina amakhala watumiza kale uthenga wakuti am'pake oilo yakuda ya mu injini.

Ife timakana, ndipo timakana mokweza. Oilo yogwila kale nchito ili ndi poizoni. Galu amadzinyambita, ndiye amaimeza, kwina khungu la zilonda likupsa ndi dzuwa la October. Dibi ya ng'ombe yosungunula mongoyelekeza nayonso ni yoopsa: galu amayamba kunjenjemela, kutuluka dovu, nthawi zina osadzukanso. Cina n'cakuti kuthothoka kwa ubweya si matenda amodzi, conco mankhwala ake sangakhale amodzi.

Coyamba, kuthothoka kwina si matenda. Agalu amenewa ali ndi ubweya wa mitundu iwili, wapamwamba wautali ndi wapansi wofewa monga thonje. Mphepo ya June ndi July ikatha, wapansi uja umacoka wambili mpaka kudzaza pakhonde. Ngati khungu silionekela ndipo galu sadzikanda, mankhwala ake ni cipeso cabe. Kum'meta mpala pom'mvela cifundo ndi kutentha kumam'lakwila, cifukwa ubweya umene uja ndiye umam'teteza ku dzuwa, ndipo kwa agalu ena umatenga miyezi yambili kuti umelenso.

Akulu anati galu wamkota sakandila pacabe. Wathu akamadzikanda usiku wonse, m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba pakuuma n'kucita nkhanambo, kawili-kawili amakhala mphele. Timayambitsa ni tizilombo tosaoneka ndi maso tochedwa Sarcoptes, timene timaboola khungu n'kuikila mazila mkati. Timafalikila msanga kwa agalu ena, ndipo anthu a panyumba angayambe kumva kuyabwa m'manja ndi m'ciuno.

Pali mphele ina ya tizilombo ta Demodex, timene timakhala m'mizu ya ubweya. Mwana wa galu amatitengela kwa amake masiku oyamba akuyamwa, ndipo timavuta thupi likafooka cifukwa ca njala, njoka za m'mimba kapena matenda ena. Imayambila kuzungulila maso, kukamwa ndi miyendo yakutsogolo, ndipo poyamba siiyabwa kwambili. Iyi siyambukila anthu.

Cipele cimabwela ndi mafangasi. Cimapanga tizigamba tozungulila, ubweya woduka-duka, ndipo ici ndiye timaopela ana athu, cifukwa ni iwo amakumbatila tiagalu. Mwana akatuluka cipele m'mutu kapena pamkono, tipite naye ku kiliniki kapena ku cipatala cathu ca Chipata Level One, ndipo galu nayenso aonedwe, apo ayi adzangopatsilananso. Dazi la kumsana pafupi ndi mcila nthawi zambili limakhala la utitili. Galu wina thupi lake limadana ndi malovu a utitili moti towelengeka cabe timam'kanditsa mpaka zilonda.

Ndiye pali dazi losayabwa, lofanana mbali zonse ziwili za thupi, khungu likuda pang'ono-pang'ono. Limeneli lingacokele m'kati mwa thupi, monga cithokomilo cikamagwila nchito mofooka. Kwa agalu a mtundu wa Pomeranian, Chow Chow ndi Husky kulinso vuto limene madokotala amacha Alopecia X: ubweya wa pathupi umatha koma wa kumutu ndi kumiyendo umatsala, galu akudya ndi kusewela bwino-bwino. Apa ngakhale mutam'sambika dibi kakhumi, palibe cingasinthe.

Wosiyanitsa zonsezi ni dokotala wa ziweto. Amapala khungu pang'ono n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Ku UNZA, mu Great East Road, kuli kiliniki ya sukulu ya madokotala a ziweto yochedwa Samora Machel. Kulinso bungwe la Lusaka Animal Welfare Society ndi ofesi ya boma yoona za ziweto. Tidziwa kuti kondakitala wa basi salola galu wa zilonda, ndipo kubuka motoka ni ndalama. Koma nyumba zitatu kapena zinayi zingasonkhe n'kuitana dokotala mmodzi, popeza mphele ikalowa mumzele umodzi wa nyumba siikhala ya galu mmodzi. Tizilombo ta mphele timatenga pafupi-fupi masabata 3 kucoka pa dzila kufika pokhwima, n'cifukwa cake nyeleti imodzi siikwana. Tiyenela kutsiliza mankhwala monga watiuzila dokotala, kucapa kapena kuocha masaka ogonapo galu, ndi kupatsa mankhwala agalu onse a pabwalo. Mlingo wa ivermectin tisaupeke tokha, cifukwa agalu ena amafa nayo.

Cimene cimatipweteka mtima ni cimene cimacitika oilo ikalephela. Geti imatsegulidwa, galu amapitikitsidwa. Timawaona pa milu ya zinyalala kumsika ndi m'mbali mwa njanji, ana akuwaponya miyala. Galu wotayidwa salandilanso katemela wa ciwewe, pamene lamulo la Control of Dogs Act lifuna kuti galu akhale wolembetsa ndi wobaitsa. Ndipo njila imene amayendamo ni yomweyo imene ana athu amapitila ku sukulu.

Pa 28 September caka ciliconse dziko lonse limakumbukila za ciwewe. Popita kukabaitsa, titengenso uja wa dazi amene timacita naye manyazi, timuonetse dokotala zigamba zake. Agalu ambili a mphele amacila, ndipo ubweya umamelanso.