M'khola la nkhuku zamazira ku Ngabu

Ukatsika chitunda cha Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kutentha kumakuchingamira usanafike n'komwe pa Dyeratu. Msewu umalambalala minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndipo pofika pa Ngabu mwezi wa Okutobala dzuwa limakhala likuswa mtengo. Masiku ena kutentha kumapyola madigiri 40.

Kuseri kwa nyumba ina, pansi pa mtengo wa nimu, mayi wina anandilowetsa m'khola lawo la nkhuku zoikira. Denga ndi laudzu, makoma ndi abango lotalikirana kuti mphepo izipita. Nkhuku zinali kukamwa yasa, mapiko lende, zikupuma wefuwefu. Zinaunjikana pa chomwera, koma chakudya cha m'modyera chinali chikhalire.

Vuto la mlimi wa m'chigwa cha Shire lagona pamenepa. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo pa magawo 100 a chakudyacho, 16 mpaka 18 ayenera kukhala mapuloteni, popeza dzira limodzi limatenga magalamu 6 a mapuloteniwo. Kukatentha nkhuku imadya mopereweza, chonsecho dzira likufunabe zake zonse. N'chifukwa chake kochepa komwe yajomphako kayenera kukhala kodzaza ndi zomanga thupi. Madeya, omwe mapuloteni ake ali cha m'ma 10, paokha saikiritsa: mazira amabwera mwa apo ndi apo, ang'onoang'ono, nkhuku n'kuyamba kuzulana nthenga.

Pakhonde ndi pomwe pali mankhwala ake. Pachiwaya panali soya, mayiwo akutakasa ndi mthiko mpaka atafiirira n'kuyamba kununkhira, chifukwa soya wamuwisi amalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya. Pambali panali lichero la zinyenyeswa za matemba ouma, zotsala kwa ogulitsa nsomba za ku Elephant Marsh, zikudikira kusinjidwa mumtondo. M'kathumba kena munali chitowe, mbewu imene imakonda nthaka ya kuno. Zonsezi amasakaniza ndi madeya ndi mapira ogaya, n'kuwazamo ufa wa zigoba za nkhono zowotcha kuti chikamba cha dzira chilimbe.

Ngakhale chigwachi n'chotchuka ndi thonje, njere zake mayiwo saziyandikiza kukhola. Zili ndi mapuloteni ndithu, koma zilinso ndi poizoni amene amawononga mtundu wa mbali yachikasu ya dzira ndi kufooketsa nkhuku.

Chakudya chambiri amathira mbandakucha ndi madzulo kukazizira, pomwe nkhuku zimadya ndi mtima wonse. Masana ntchito yawo ndi kusintha madzi, otunga mumtsuko wa pamthunzi.

Thumba la chakudya chosakaniza kale lochokera ku Blantyre si aliyense angalikwanitse, koma nsomba, chitowe ndi mapira zili pompano. Alangizi a ziweto akamayenda m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje, muyezo wosakanizira zimenezi ndiwo uyenera kukhala phunziro loyamba.